Mlandu wa madzi a m'ngolo

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi alamu anga, mlongo wawo wa abambo a kunyumba kuno, amene anakwatiwa ku Zemba. Anali ku chipatala cha pa boma ku Chadiza kudwazika apongozi awo, ndiye pobwerera anapatukira kwathu ku Pembamoyo. Njinga anangoitsamiritsa pa mtengo wa mango, mpando n'kuukana.

"Alamu, mwanayu mupite naye pa boma. Kuli mayi wina kumeneko, sabaya jekeseni, sapereka mapiritsi. Ntchito yake ndi kuwongola ana."

"Kuwongola? Mwana wanga wasanduka msomali?"

"Inu kazipitani mukafunse komweko. Ine ndaona ndi maso angawa ana onga yemweyu ali pa mphasa, amayi awo akuphunzitsidwa kagwiridwe kake."

Mwana amene ankanenayo ndi mzime wathu, wamkazi. Pobadwa anachedwa kulira, ndipo achipatala anatiuza kuti ubongo wake unavulala nthawi imeneyo. Miyendo yake imauma n'kupingasana ngati sizasi, manja amakhala ofumbata, ndipo khosi silinkanyamula mutu bwinobwino. Apo n'kuti ali ndi zaka zisanu, asanakhalepo pansi yekha. Mawu omveka alibe mpaka lero, koma musanamizike. Amamva zonse, ndipo pa kuseka anthu ndi katswiri. Munthu akapunthwa pakhomo pathu, ngakhale akhale mlendo wolemekezeka, woyamba kuseka ndi iye, ife n'kumapepesa.

Tinapita. Abambo ake anapalasa njinga, ine kumbuyo, mwana kumsana. Amayi a fiziyo, monga amawatchulira pa chipatalapo, anali achitsikana ndithu, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anavula nsapato, n'kukhala pa mphasa pamodzi nafe. Atangogwira mwendo kuti autambasule, mwana analira mpaka anthu a pa mzere kunja anayamba kusuzumira. Amayi a fiziyowo sanakakamize. Anausiya mwendowo n'kundifunsa ngati amagwa khunyu. Ndinati ayi. Anafunsanso:

"Nanga pomusambitsa amalira chonchi?"

"Kumeneko ndiye ayi. Nkhondo imabwera pomutulutsa m'bafa."

Anaseka, kenaka anandifotokozera. Anati m'mizinda ikuluikulu muli madamu omangidwa m'nyumba, a madzi ofunda, mmene ana otere amachitiramo masewera olimbitsa thupi. Madzi amanyamula kulemera kwa thupi, ndipo kufunda kwake kumafewetsa mitsempha, ndiye mwendo umene umakana pa mphasa umavomera m'madzi. Kuno damu lotero kulibe. Koma ngati tingapeze chinthu chachikulu chimene ine ndingakhalemo pansi mwana atagona chotambalala, tikhoza kuyesa. Anandionetsa kagwiridwe kake pa mphasa pomwepo, mobwerezabwereza, mpaka manja anga anazolowera. Mutu uzikhala pa mkono wanga nthawi zonse. Mphuno ndi pakamwa zisalowe m'madzi, chifukwa ana otere sachedwa kutsamwa. Madzi ndiziwayesa ndi chigongono. Pazikhala wamkulu wina wogwira miyendo.

"Ndipo amayi, ngakhale nkhuku ilowe mu ufa mukuiona, ilekeni idye. Mwana osamusiya."

Pofika kunyumba tinayamba kuyang'ana chinthu chachikulucho. Bafa lathu ndi laling'ono, mwana amakhalamo atapinda mawondo. Kumtsinje anatiletsa, ati madzi ake ndi ozizira ndiponso kuli likodzo. Abambo ake ndi munthu wosayankhulayankhula. Anazungulira pakhomo manja ali kumbuyo, anayang'ana mgolo, anayang'ana mtondo, n'kukaima pa ngolo. Tinali titamaliza kututa chimanga, ngolo ili chikhalire kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikugonamo.

"Iyi," anatero. "Tingoyalamo lona."

Lona wathu anali ndi zibowo ngati sefa. Wabwino anali wa aneba athu a kumtunda, amene amayanikapo chimanga. Aneba amenewa anabwera kuno ali kamtsikana, makolo awo akuthawa nkhondo ku Mozambique, ndipo anakulira konkuno n'kukwatiwa konkuno. Ndi mayi wamphamvu, wa mawu akuluakulu, woti akamanong'ona a kumjigo amamva. Amapemphera ku mpingo wina, uja wobatiza kumtsinje, ndipo duku loyera silichoka kumutu kwawo. Nditawafotokozera anati:

"Lona tengani. Nanga miyendoyo agwire ndani? Amuna anuwo manja awo ndi a goli, akathyola mwana. Ndibwera ndekha."

Tsiku loyamba sitinafike n'pomuika mwana. Abambo ake anachirikiza ngolo ndi mphanda kutsogolo, matayala n'kuwatsekera ndi miyala, koma kumbuyo anaiwala. Madzi tinatunga kumjigo m'mawa wonse, zigubu n'kuzisiya padzuwa kuti zifunde. Titathira, ine ndinakwera chakumbuyo kuti ndiyese ndi chigongono. Ngolo inangodzuka mutu, madzi onse n'kunditsatira pansi pamodzi ndi lona, nkhuku n'kubalalika. Mwana anali pa mphasa pamthunzi akuonerera. Anaseka mpaka ntchofu. Abambo ake anangoti, "Tsopano tadziwa," n'kupita kukadula mphanda ina.

Mawa lake zinatheka. Ndinavala diresi lakale n'kukhala m'ngolo, madzi akundifika m'chiuno, aneba n'kundipatsira mwana. Ndinamugoneka chagada, mutu pa mkono wanga, madzi akumukhudza m'makutu. Poyamba anauma gwa ngati mtengo, maso ali tong'o. Aneba anagwira mapazi, koma miyendo inakana kusiyana. Ine posowa chochita ndinayamba kuimba nyimbo ya m'buku la nyimbo, imene ndimamuimbira pomugoneka. Ndime yoyamba isanathe ndinamva msana wake ukufewa pa dzanja langa. Aneba anakankha mwendo umodzi, unapinda. Anaukoka, unabwera. Kenaka mawondo aja anasiyana okha, pang'ono chabe, koma mwana osalira. Kuyambira pamene anabadwa sindinaonepo mpata pakati pa mawondo amenewo popanda misozi. Ndinapemphera mokweza pomwepo, ndili m'madzi, ndipo aneba anavomera ameni wa ku mpingo kwawo, uja wogwedeza masamba.

Tinapitiriza chomwecho masana alionse amene dzuwa lawala bwino. Madzi akatha ntchito tinkathirira nthochi ndi mpiru. Ndinkaona kuti pomuveka kabudula wamkati sitikulimbananso ngati kale, ndipo tulo ankagona tabwino.

Chimene sitinaganizire ndi njira. Njira yopita kumjigo imadutsa kuseri kwa nkhokwe yathu. Tsono taganizani zimene amayi opita kukatunga ankaona. Ngolo yodzaza madzi. Mayi wa duku loyera ataima pambali. Ine ndikugoneka mwana chagada m'madzimo, uku ndikuimba nyimbo ya Mulungu, kenaka pemphero, kenaka ameni uja.

Ku mpingo kwathu ubatizo ndi wa madontho pamphumi, kamodzi kokha moyo wonse, ndipo mwana wathu anabatizidwa ali wakhanda. Munthu akakalowanso m'madzi kwa ena, ndiye kuti watuluka mumpingo. Agogo anga anali m'gulu la oyamba kubatizidwa kuno nthawi ya amishoni, ndipo pabanja pathu nkhani imeneyi siseweretsedwa. Choncho mbiri inanyamuka. Pa mjigo inali yoti ndikubatizanso mwana. Pofika ku chigayo inali yoti inenso ndabatizidwa. Munthu wina wochokera ku Zingalume anafunsa abambo ake ngati n'zoona kuti pakhomo pathu patsegulidwa mpingo watsopano, ndipo kuti m'busa wake ndi mkazi. Abambo ake anabwera nayo kunyumba nkhaniyo, nkhope ili yolemera. Ine ndinawafunsa ngati awauza kuti Lamulungu likubwerali tibatiza ng'ombe. Sanaseke.

Posakhalitsa kunabwera akulu a mpingo oyang'anira dera lathu. Ndi bambo wachikulire, wofatsa, amene savula jekete ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Ndi omwewo amene anaima pambali pa abusa tsiku limene mwanayu ankabatizidwa. Anakhala pa mpando, chipewa pa bondo, tinapatsana moni, tinapemphera. Kenaka anayamba.

"Amayi, mbiri yatipeza. Ine sindinaikhulupirire, koma yatipeza."

Ndinawafotokozera zonse, za amayi a fiziyo, za madzi ofunda, za mawondo.

"Zoti ndi zachipatala tamva," anatero. "Koma chipatala chimaimba nyimbo za m'buku? Chipatala chimavala duku loyera? Anthu akhumudwa, amayi. Muyambe mwaleka mpaka bwalo la akulu litumize anthu adzaone. Mukapitiriza bwalo lisanaone, mundivutitsa. Ena akunena kale zokudulani."

Kwa amene simudziwa, kudulidwa ndi kuimitsidwa pa mgonero. Umalowa m'tchalitchi, koma anzako akamadya mkate iwe umangoyang'ana m'manja. Bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi umaipinda n'kuiika m'sutikesi. Amayi anga anaikidwa m'manda atavala bulauzi imeneyo, ndipo ine ndinkafuna kudzapita chimodzimodzi. Akuluwo ndinangowauza kuti ndamva.

Tinaleka. Lona tinamupinda, nkhuku zinabwerera m'ngolo. Koma bwalo silikhala tsiku lililonse, ndipo mwezi umenewo kunagwa maliro motsatizana, ndiye nkhani yathu inangokankhidwira kutsogolo. Miyendo ya mwana sinadikire bwalo. Inayamba kubwerera mwakale. M'mawa pomuveka tinayambanso kulimbana, iye kulira, ine thukuta. Ndikamuika pa mphasa ankapotoza khosi lake lovutalo kuyang'ana kuseri kwa nkhokwe, kenaka n'kundiyang'ana ine. Ana osayankhula amadziwa kufunsa ndi maso, ndipo funso lake silinali lovuta kumva.

Ndinawauza abambo ake kuti ndiyambiranso.

"Akakudula?"

"Akandidula ndizikhala kumbuyo. Mulungu kumbuyo amafikako."

Anatenga zigubu n'kuzimanga pa njinga.

Komabe ndinayesa kuchenjera. Ndinati ngati vuto ndi nyimbo za m'buku, ndizisiya. Tsiku loyamba ndinamuika m'madzi ndili duu. Mwana anauma, akundiyang'ana ngati wandigwira ndikuba. Ndinayesa nyimbo ya pamtondo, anakana. Aneba anayesa nyimbo ya kwawo ku Mozambique, yovinira, mpaka kugwedeza chiuno pambali pa ngolo. Mwana anawaseka bwinobwino, koma miyendo osamasula. Nditangoyamba kung'ung'udza ya m'buku ija chapansipansi, mawondo anasiyana.

"Mwaona?" anatero aneba. "Mwanayu ndi wa mpingo wanu kuposa akulu anuwo. Imbani, asa. Wokudulani adzadule ndi iye yemwe."

Ndinaimba. Amayi a kumjigo anadutsa, ena anachepetsa liwiro, mmodzi mpaka anatula chigubu kuti akonze nkhata imene inali bwinobwino. Ndinamupatsa moni ndili m'madzi momwemo. Lamulungu lotsatira ndinaima panja pa tchalitchi kudikira akulu aja, ndipo ndinawauza ndekha asanamve kwa ena.

"Abambo, ndayambiranso. Mwana wauma. Ngati bwalo likufuna kuona, libwere lione, madzi timathira dzuwa likafika pamutu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwandiika pa moto, amayi."

"Pepani. Koma bwerani."

Anabwera mkati mwa sabata yomweyo, iwo, akulu ena a dera loyandikana nalo, ndi amayi a pampando wa chigwirizano, mayi wonenepa wa nthabwala amene tinaphunzira naye limodzi ku pulayimale. M'mawa mwake ndinapita kwa aneba kukawapempha kuti tsiku lokhalo avale duku la mtundu wina.

"Mutu ndi wanga kapena ndi wa bwalo lanu?"

"Ndi wanu, koma ndithandizeni."

"Ndamva."

Anabwera atavala duku loyera latsopano, lochita kusita, lowala mpaka kuthobwa m'maso. Ndinangoti Ambuye, zili m'manja mwanu.

Alendo tinawaikira mipando pamthunzi wa nkhokwe. Ine ndinakwera m'ngolo. Kulowa m'madzi ndi diresi lakale pamaso pa akulu a mpingo si chinthu chimene ndinaganizapo kuti ndidzachita. Aneba anandipatsira mwana, ndinamugoneka, ndinayamba kuimba. Mwana anafewa monga mwa masiku onse. Aneba anayamba kupinda ndi kutambasula, mwendo uwu, mwendo uwo.

Akulu a dera lina aja anafunsa ali pa mpando. "Mutu umalowa?"

"Sulowa, abambo. Akhoza kutsamwa."

"Nanga mawu amene mumanena pomugoneka ndi otani?"

"Ndimati gona, mama, usaope."

"Basi?"

"Nthawi zina ndimati usandikande."

Amayi a pampando anabisa pakamwa ndi chitenje. Koma akulu a dera lathu sanakhutire ndi za pa mpando. Anati mboni iyenera kuona ndi maso ake ngati mutu sukulowadi. Anadzuka, anakonza jekete, anafika kumapazi kwa ngolo pafupi ndi aneba, n'kuwerama kuti ayang'ane bwino m'mphepete mwa madzi. Aneba anasiya mapazi kuti awapatse malo.

Ine ndinaona nkhope ya mwana wanga. Ndimaidziwa nkhope imeneyo, ndi imene amapanga mlendo akatsala pang'ono kupunthwa. Anawayang'ana akuluwo, anakoka mpweya, n'kumenya madzi ndi mwendo wamanja, kenaka wamanzere, kenaka wamanjanso. Madzi anawathira kumaso, pa magalasi, pa tayi, jekete lonse kutsogolo. Mwana anaseka mpaka ndinachita kumukweza kuti asamwe madzi.

Ine mumtima ndinati basi, bulauzi yapita. Ndiye amayi a pampando anayankhula ali phee, osaseka n'komwe.

"Abambo, ndiye mwabatizidwa kachiwiri. Koma musadandaule, wakuwazani mwa mwambo wathu."

Akulu a dera lina aja anayamba kutsokomola, chitsokomolo chosatha. Aneba anatembenukira ku nkhokwe, mapewa akugwedezeka. Akulu athu anavula magalasi, anawapukuta ndi kansalu kamene nakonso kanali konyowa, n'kuwavalanso. Sanayang'ane aliyense wa ife. Anayang'ana miyendo ya mwana.

"Kodi amachita chonchi masiku onse?"

"Ayi, abambo. Kumenya mosinthanitsa miyendo ndi koyamba lero."

Ndinazindikira ndikuyankha momwemo kuti ndi zoona. Miyendo imene imayenda pamodzi ngati yomangidwa chingwe inali itayenda uwu payekha, uwo payekha. Misozi inangotsika, ndipo sindikanatha kuipukuta chifukwa manja onse anali pa mwana.

Akuluwo anapinda mkono wa jekete, chinthu chimene sindinaonepo, n'kugwira phazi limodzi ndi zala ziwiri ngati dzira.

"Tachitanso, mama," anatero. "Jekete lanyowa kale."

Sanachitenso. Mwana wanga sachita zinthu pouzidwa. Anangowayang'ana n'kuyasamula.

Chigamulo anadzandiuza bwalo litakhala. Anati si ubatizo, chifukwa mutu sulowa ndipo palibe amene amatchula mawu a ubatizo, choncho palibe wondidula. Koma kuti ofooka asakhumudwe, pemphero ndizichita ndisanakwere m'ngolo, mapazi ali pouma. Ngoloyo tiisunthire kutsogolo kwa nyumba, kutali ndi njira ya kumjigo. Za nyimbo anakangana nthawi yaitali, mpaka anagwirizana kuti buku la nyimbo silinena malo oimbira. Za duku la aneba anati alibe nalo mphamvu, koma anapempha ngati ameni angatsike pang'ono. Ndinakawauza aneba. Anati ayesa. Sanayese.

Lamulungu la mgonero ndinavala bulauzi yanga, ndinakhala pakati pa anzanga, mwana ali pamiyendo. Mkate utafika kwa ine ndinaulandira ndi dzanja limodzi, linalo likuletsa dzanja lake, chifukwa masiku ano dzanja lamanzere limatambasuka ndipo limafuna chilichonse chodutsa pafupi.

Sindikufuna kukunamizani kuti mwana wachira. Sayenda, ndipo amayi a fiziyo, amene timapitabe kukawaonetsa, sanatilonjezepo kuti adzayenda. Koma amakhala pansi titamutsamiritsa ku khoma, mutu ali nawo yekha, ndipo akhoza kukhala choncho mpaka nditamaliza kusenda mtedza wa ndiwo. Kwa ena ndi zochepa. Ife tikuthokoza Mulungu, ndipo tikuthokoza anthu onse amene anaikapo manja awo.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi msinkhu. Mwanayu akutalika, zidendene zayamba kugunda thabwa la kumapeto, ndipo kulemera kwake msana wanga wayamba kukudandaula. Miyezi yozizira madzi safunda ndi dzuwa lokha, timachita kuwonjeza otentha, ndipo nkhuni zikusowa. Sitikudziwa kuti chaka chamawa tidzamuika muti. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzititchulako ife a ku Pembamoyo: mtsikana wathuyu, abambo ake amene amatunga madzi osadandaula, ine ndi msana wangawu, ndi aneba athu a kumtunda, ngakhale kuti si a mpingo wathu.